Panelo ya fire alarm ikuzima usiku magetsi akapita, batire lake amawerengera bwanji?

Funsoli lachokera kwa wa zamagetsi wina ku Zomba, ndalidula pang'ono: "Ndinaika fire alarm pa hositelo ya atsikana pa sukulu ina yogonera konko. Panelo wamba ya mazoni 8, mabatire awiri a 12V 7Ah omwe anabwera ndi paneloyo. Pali maditekita a utsi 46, a kutentha 6, mabatani oswa galasi 10, masayireni 24, masayireni ena 8 okhala ndi nyali yothwanima, karipita (kapanelo kakang'ono kobwereza zimene panelo yaikulu ikuonetsa) kunyumba ya alonda, ndi ka GSM kotumiza meseji kwa a matron ndi a hedi. Papita chaka ndi theka. Pano magetsi akazima cha m'ma 6 madzulo, pofika 3 koloko m'bandakucha panelo imakhala yazimiratu. Eni sukulu akuti ndinawagulira zinthu zabodza. Batire loyenera amawerengera bwanji? Kapena ndingoikapo la galimoto nkhani ithe?" Anatumizanso manambala a karenti ochokera pa ma datasheet a zipangizozo, ndiye ndigwiritsa ntchito omwewo.

Achimwene, la galimotolo lisiyeni kaye komweko. Batire la galimoto analipangira kutulutsa karenti yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako alitaneta nkulidzazanso pompo. Kukhala pa chaja miyezi ndi miyezi nkumatsitsidwa pang'onopang'ono usiku wonse si ntchito yake, limatulutsanso mpweya ndi asidi, ndipo BS 5839-1, buku la malamulo a fire alarm la ku Britain, imakaniratu mabatire a galimoto pa fire alarm. Pofunika apa ndi aja otsekeratu a lead acid, amene m'mashopu amalemba VRLA kapena SLA.

Tiyambe ndi chinthu chimene anthu ambiri amasokoneza. Panelo yanu imayendera 24V, nchifukwa chake muli ndi mabatire awiri a 12V olumikizidwa mondondozana, pulasi ya lina kupita ku mainasi ya linzake. Mukalumikiza chonchi mavoti ndi amene amaphatikizana, 12 ndi 12 kukhala 24, koma ma Ah, muyezo wa magetsi amene batire limasunga, saphatikizana ayi. Muli ndi 7Ah, osati 14Ah. Ndipo 7Ah imeneyo fakitale inayeza potsitsa batire pang'onopang'ono kwa maola 20, kutanthauza kuti lingapereke 0.35A kwa maola 20, lili latsopano, pamalo ozizira bwino a madigiri 20 mpaka 25. Mukalikoka mwamphamvu kuposa pamenepo silikupatsani 7 yonse, ndipo mfundo imeneyi tikumana nayo kutsogoloku, ndi imene ikugwetseni pa masamu anu.

Sisitimu imadya magetsi m'njira ziwiri. Pali nthawi imene yangokhala chete kudikira, ya standby, ndiye pali nthawi imene ikulira. Batire liyenera kunyamula zonse ziwiri motsatizana, kudikira maola onse magetsi kulibe kenako moto ukabuka kumapeto kwenikweni kwa maolawo lilizebe masayireni onse. Kuno ambiri timatsata BS 5839-1 ya ku Britain, ndipo anzathu ogwira ntchito ku Joni amatsata SANS 10139 yomwe inachokera momwemo. Pa nyumba yogona anthu ngati hositelo, BS 5839-1 imafuna maola 24 a standby kuphatikiza mphindi 30 za kulira. Mukakumana ndi panelo ya ku America mudzaona NFPA 72, imeneyo imati maola 24 kuphatikiza mphindi 5, kapena mphindi 15 ngati sisitimuyo ndi yolankhula pa masipika. Musasakanize ziwirizi posankha yokomera thumba, inu tengani ya mphindi 30.

Tiwerenge ya standby kaye. Panelo yokha pa datasheet yanu yalembedwa 90mA (1,000mA ndi 1A). Maditekita a utsi ndi 0.06mA iliyonse, kuchulukitsa ndi 46 tikupeza 2.76mA. A kutentha 6 pa 0.05mA ndi 0.3mA. Mabatani oswa galasi pa sisitimu wamba sadya kanthu mpaka wina ataswa. Ripita 40mA, GSM 60mA. Zonse pamodzi 193mA ndi kachidutswa, tingoti 0.2A kuti masamu aphweke.

Taonani manambalawo bwinobwino musanapitirire. Maditekita 52 onse pamodzi akudya 3mA basi, pomwe timabokosi tiwiri tija, ripita ndi GSM, tikudya 100mA, theka la katundu yense. Anthu akamawerengera amatha ola lonse akuwerenga maditekita chipinda ndi chipinda nkuiwala zinthu zimene anazilumikiza pa AUX 24V, potengera magetsi a zipangizo zowonjezera pa panelo, tsiku lomaliza bwana atapempha kuti "ndikufuna izindiuza pa foni". Mabatire a 7Ah amene amabwera ndi panelo wogulitsa amangoikamo chifukwa ndi amene amalowa m'bokosimo, sadziwa kuti inu mukapachikako chiyani.

Zinthu ziwiri muzifufuze pa nambala ya 90mA ija. Choyamba, kodi ndi ya nthawi imene magetsi azima? Magetsi akapita panelo imayatsa nyali ya fault, ka buzzer kamalira, rile (relay) ya fault imasintha, ndiye karenti yake siyifanana ndi ya nthawi yabwinobwino, datasheet yabwino imalemba padera. Chachiwiri, kodi yaphatikiza ma rezisita a kumapeto kwa laini, aja othandiza panelo kudziwa waya akaduka? Rezisita ya 4k7 pa 24V imakoka pafupifupi 5mA, mazoni 8 ndi 40mA, zomwe pa maola 24 ndi pafupifupi 1Ah yathunthu. Mafakitale ambiri amaphatikiza kale, ena ayi. Ine pano ndatenga kuti yaphatikizidwa.

Tsopano nthawi ya kulira. Panelo 220mA. Masayireni 24 pa 20mA ndi 480mA. Anyali 8 pa 45mA ndi 360mA. Ripita imakwera kufika 80mA, GSM ikamatumiza 150mA. Zoni iliyonse imene yalowa mu alamu imakoka 30mA malinga ndi pepala lanu, ndipo ine ndimawerengera ngati mazoni onse alowa, 240mA, chifukwa utsi ukalowa mu kolido ya hositelo suima pa zoni imodzi komanso ana pothawa amaswa batani lililonse lomwe aliona. Zonse pamodzi 1,530mA, kapena kuti 1.53A.

Fomula ya mu BS 5839-1 ndi iyi:

C = 1.25 × (T1 × I1 + D × I2 ÷ 2)

C ndi kukula kwa batire lofunika mu Ah, T1 ndi maola a standby, I1 karenti ya standby mu ma amp, I2 karenti ya kulira, kugawa ndi 2 chifukwa mphindi 30 ndi theka la ola. 1.25 ndi yoti batire limakalamba, akuwonjezera 25 peresenti kuti likamafika kumapeto kwa moyo wake lizikwanitsabe. A ku America ankaika 20 peresenti, kope la 2022 la NFPA 72 linakweza nawonso kufika 25. Ndiye pali D, nambala yowonjezera chifukwa batire likakokedwa mwamphamvu limapereka zochepa.

Tiyeni tiyambe tayiwala dala D, monga amachitira ambiri. 24 × 0.2 ndi 4.8Ah. 1.53 ÷ 2 ndi 0.77Ah. Kuphatikiza 5.57, kuchulukitsa ndi 1.25 tikupeza 6.96Ah. Munthu amamwetulira, 7Ah yakwana, nkutseka bokosi nkupita kukatenga cheke. Koma kumbukirani zija ndinanena kuti 7Ah ndi ya pa 0.35A. Inu pa alamu mukukoka 1.53A, kuposa kanayi, ndipo batire la lead acid likakokedwa chonchi limapereka zochepa. Lamulo lake ndi loti mugawe kukula kwa batire ndi 20, ngati I2 siyikuposa yankholo D ndi 1, ikaposa D ndi 1.75 kapena nambala imene fakitale ya batire yapereka. 7 ÷ 20 ndi 0.35, I2 yaposa kutalitali, ndiye D ndi 1.75. Tibwereze: 1.75 × 1.53 ÷ 2 ndi 1.34Ah, kuphatikiza 4.8 ndi 6.14, kuchulukitsa ndi 1.25 ndi 7.67Ah. Ndiye 7Ah sinakwane, kuyambira tsiku lomwe munaika. Simugula lochepera poti "yatsala pang'ono", mumakwera kupita pa saizi yotsatira imene imapezeka, ndipo m'mashopu mwathu muno ikachoka 7 nthawi zambiri ndi 12Ah, kenako 17 kapena 18, kenako 24 kapena 26. Yankho la pa pepala ndi mabatire awiri a 12V 12Ah.

Onaninso kuti pa 6.14 ija, 4.8 ndi ya standby. Masayireni ndi aphokoso koma si amene amamaliza batire. Zili ngati ndowa yodontha, kapu imodzi imene mwatunga simaliza madzi, koma kadontho ka usiku wonse kamakupezetsani ndowa youma m'mawa. Mukafuna kuchepetsa batire yang'anani ma milliamp a standby, 10mA iliyonse imene mwachotsa ndi 0.3Ah pa yankho lomaliza.

Koma masamuwa sakufotokoza vuto lanu lonse. Ngakhale 7Ah ndi yochepa, ikanakhala yamoyo ikananyamula 0.2A kwa maola oposa 24 popanda kulira. Yanu ikufa pa maola 9. 9 × 0.2 ndi 1.8Ah. Ndiye pali ziwiri, kaya mabatirewo atsala ndi mphamvu yosakwana 2Ah, kaya pali chinthu china chikudya chimene sichili pa pepala lanu. Izi simungazidziwe muli pa desiki, pitani ndi multimita.

Kuyeza kwake nkosavuta. Ikani multimita pa DC amps, pa bowo la 10A, chotsani kawaya kafupi kaja kolumikiza mabatire awiri pakati, muike multimita m'malo mwake magetsi akadalipo, kenako zimitsani bureka ya panelo. Dikirani fault ya mains iwonekere, nambala ikhazikike, imeneyo ndiye I1 yeniyeni. Mukatero lizani alamu muwerenge I2, koma muwauziretu a matron ndi alonda, musakadzidzimutse ana ali mu prep, komanso GSM ija itumiza meseji. Mukapeza 0.2A kapena pafupi, mabatire ndiwo afa. Mukapeza 0.5A kapena kuposa yambani kuchotsa mawaya a pa AUX mmodzimmodzi mpaka nambala igwe. Zimene zimapezeka kawirikawiri ndi maginito ogwira zitseko, loko ya magetsi ya pa geti, rile imene imakhala yokoka nthawi zonse, nthawi zina ngakhale kababu ka LED kamene wina anadziikira ataona kuti bokosi ili lokha ndi limene limakhalabe ndi magetsi kukada. Maginito a zitseko ndi maloko azikhala ndi pawa sapulayi yawoyawo, asakhudze batire la alamu.

Musanyengedwe ndi mavoti. Batire lakufa likakhala pa chaja limaonetsa 13.6 kapena 13.8V bwinobwino, awiriwo 27.2 mpaka 27.6V, chifukwa mukuwerenga chaja osati batire. Ngakhale mutalichotsa litha kuonetsa 12.8V nkugwa mukangolipatsa katundu. Yezani lililonse palokha masayireni akulira magetsi mutazimitsa, mukaona lina lili pa 12.3 linzake likutsika kuthamangira ku 10, mwalipeza. Ndipo posintha sinthani onse awiri, a mtundu umodzi, saizi imodzi, ogulidwa limodzi. Latsopano mukaliphatika ndi lakale, lakalelo limalikokera kumanda.

Nanga afa bwanji pa chaka ndi theka, pomwe BS 5839-1 imayembekeza batire lokhala zaka zosachepera 4? Apa ndi pomwe malamulo olembedwa ku Britain amasiyana ndi moyo wathu. Iwo amaganiza za magetsi ozima kamodzikamodzi pachaka, batire limangokhala pa chaja kudikira. Kuno nyengo ya load shedding batire limatsika ndi kukwera tsiku ndi tsiku, ndipo mukukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022 nkutichotsera pafupifupi 130MW, maola ambirimbiri mdima kwa chaka chathunthu ndi kuposa. Batire laling'ono limatsika kwambiri pa kuzima kulikonse. Maola 10 pa 0.2A ndi 2Ah, pa 7Ah ndi pafupifupi 29 peresenti, pa 12Ah ndi 17 peresenti yokha, ndipo lead acid imakhalitsa ikamatsika pang'ono. Choipa kwambiri nkulisiya litsike pansi pa 10.5V, awiriwo 21V, nkukhala choncho osachajidwa. Ma plate amagwira sulphate ndipo mphamvu imene yapita pamenepo sibwerera. Mapanelo abwino amadzidula okha cha pamenepo kuteteza batire, otchipa ena amalikama mpaka ziro.

Kutentha nakonso. Mwachidule, madigiri 10 aliwonse pamwamba pa 25 amadula moyo wa batire ndi theka. Ku Zomba kuli bwinoko, koma panelo ikakhala m'kachipinda ka malata kopanda siling'i, kapena pa khoma lowombedwa dzuwa la masana, mu October mkati mwa bokosimo mumatentha zedi. Anzathu a ku Nsanje ndi Chikwawa kumene kumapyola madigiri 40 asamayembekeze zaka 4 ngakhale pang'ono. Ndiye palinso nkhani ya ku shopu, batire limatha kukhala pa shelefu chaka chathunthu osachajidwa, mumagula lili lokalamba kale. Yang'anani deti la fakitale pa batirelo, yezani mavoti pa kauntala pomwepo, likakhala pansi pa 12.5V ine sinditenga. Mukaika lembani deti ndi maka pa batire penipenipo.

Mwina mukuganiza kuti basi ndingogula 26Ah ndipume. Dikirani, yang'anani chaja kaye. EN 54-4, imene mapanelo a ku Ulaya amatsata pa mbali ya pawa sapulayi, imafuna kuti batire lotheratu lichajidwe kufika 80 peresenti m'maola 24, nkudzaza m'maola ena 48. Pa 12Ah, 80 peresenti ndi 9.6Ah, kugawa ndi 24 ndi 0.4A, osawerengera zotayika pochaja. Chaja ya panelo yanu pa pepala ndi 0.5A, ndiye 12Ah ikwanitsa. Pa 17Ah pafunika 0.57A, pa 26Ah 0.87A, yanuyo singathe. Batire lalikulu pa chaja yaing'ono, kuno kumene magetsi amabwera maola ochepa nkupitanso, limakhala la theka moyo wake wonse nkufa msanga ngati laling'ono lomwe lija. Buku la panelo limalemba batire lalikulu kwambiri lomwe imalola, musapyole pamenepo. Komanso 12Ah ndi lonenepa kuposa 7Ah, yezani bokosi ndi tepi musanagule, likakana kulowa mugule bokosi la mabatire lachitsulo muike pafupi penipeni, mawaya afupi okhuthala, fyuzi pafupi ndi batire.

12Ah ikupatsani maola angati? Tembenuzani fomula. 12 ÷ 1.25 ndi 9.6, chotsani 1.34 ya alamu kutsala 8.26, kugawa ndi 0.2 ndi maola 41. Kwa hositelo yokhala ndi alonda usiku uliwonse zimenezo ndi zabwino. Ngati eni sukulu akufuna kuti sisitimu iziteteza nyumbayo pa holide popanda munthu woiyang'ana, BS 5839-1 pa sisitimu zoteteza katundu imatha kufuna mpaka maola 72, ndipo masamu ake ndi 72 × 0.2 = 14.4, kuphatikiza 1.34, kuchulukitsa 1.25, pafupifupi 19.7Ah. Pamenepo ndi 24 kapena 26Ah, ndipo pafunika pawa sapulayi yapadera ya EN 54-4 yokhala ndi chaja yake, yolumikizidwa kuti fault yake izioneka pa panelo. Njira yanzeru nthawi zambiri nkusamutsira ripita ndi GSM ku pawa sapulayi yapaderayo, panelo itsale ndi 93mA yokha, koma muiwerengere nayonso batire lake ndi fomula yomweyo.

Pa pawa sapulayi ya mu panelo, onetsetsani kuti payokha ikunyamula 1.53A ya alamu popanda kubwereka ku batire. Pa datasheet mudzaona Imax a ndi Imax b, yoyambayo ndi karenti imene ingapereke ikuchajanso batire, yachiwiriyo ndi imene ingapereke itasiya kaye kuchaja. I1 yanu ikhale pansi pa Imax a, I2 pansi pa Imax b. Kenako autuputi iliyonse ili ndi malire akeake. Masayireni anu onse ndi 840mA, ngati seketi imodzi imalola 500mA ndiye agaweni pa maseketi awiri, 420mA uku 420mA uku, zomwe zimathandizanso kuti waya mmodzi akapsa mbali ina ilirebe. AUX nayo pa alamu ikunyamula 230mA, onani fyuzi yake.

Chomaliza chimene chimaiwalika ndi kugwa kwa mavoti mu waya, ndipo pa hositelo zazitali zija ndi nkhani yeniyeni. Kopa wa 1.5mm² ali ndi pafupifupi 12.1 ohm pa kilomita, wa 2.5mm² 7.41. Tinene kuti sayireni yomaliza ili mamita 180 kuchokera pa panelo, karenti imapita ndi kubwera ndiye ndi mamita 360, pa 1.5mm² ndi 4.36 ohm, kuchulukitsa ndi 0.42A ndi 1.8V. Ndawerengera ngati masayireni onse ali kumapeto, zomwe zimakokomeza pang'ono koma ku mbali yabwino. Musachotse 1.8 pa 27V ya nthawi ya chaja, chotsani pa 21V ya batire lotopa, mupeza 19.2V, ndipo panelo nayo imadyapo kena mkati mwake. Ngati masayireni anu amafuna osachepera 18V mwatsala pamphepete, pa 2.5mm² kugwako ndi 1.1V yokha. Izi nzofunika chifukwa pogona anthu pamafunika 75dB pamutu pa bedi, osati 65 ya m'makolido, ndipo sayireni yosowa mavoti imalira mofooka kuchipinda chakutali kwenikweni.

Sukulu ikakhala ndi sola kapena inveta, dyetsani panelo kuchokera ku mbali imeneyo, pa bureka yakeyake yolembedwa kuti ndi ya fire alarm isazimitsidwe, mabatire adzapuma kwambiri. Koma musachepetse batire chifukwa cha inveta. BS 5839-1 imalola kutsitsa standby kufika maola 6 pokhapokha pali jenereta yodziliza yokha, ndipo jenereta yodikira kuti mlonda adzuke, kapena kuti a bursar avomere dizilo, siyiwerengedwa.

Kwa eni sukulu pitani ndi pepala limodzi, mulembepo I1 ndi I2 zimene mwayeza ndi multimita, fomula, 7.67Ah, ndi mtengo wa mabatire awiri a 12Ah pamodzi ndi bokosi ngati lifunika. Muwauze kuti panelo si yabodza, mabatire ndi amene anali ang'ono ndipo atha, komanso kuti mmene magetsi athu alili aziika pa bajeti kusintha mabatire zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse. Mugwirizanenso zobwera miyezi 6 iliyonse kudzayeza mabatire ali ndi katundu, ndipo kope la masamuwo mulimate mkati mwa chitseko cha panelo kuti wina akadzafuna kuwonjezera sayireni kapena china pa AUX adzayambe wawerenganso.